Dzina la Mulungu pa Nsalu ya Malonda

Phunziro 9

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Eksodo 20:7.

Ambiri a ife tinaonapo chikwama cha Baibulo, nsalu ya pa guwa, kapena pilo wa mwana, zopetedwa mau a m'Malembo pamodzi ndi chithunzi cha nkhunda kapena cha manja opemphera. Kale ntchito yotere inkatenga masabata ambiri, mayi ali chiŵeramire ndi singano m'manja. Makina opetera nsalu anayamba ndi Josué Heilmann wa ku Mulhouse, m'dziko la France, m'chaka cha 1828. Lero alipo oyendetsedwa ndi kompyuta, amene amatsiriza vesi lathunthu nyemba zisanapse pamoto. Abale ndi alongo athu ena amadyera ntchito imeneyi, nalipirira nayo ana sukulu. Sabata ino tifunsa: kodi nkoyenera kugulitsa nsalu yolembedwa dzina la Mulungu? Ngati nkoyenera, dzinalo litilamula chiyani ife ogulitsa?

SANDE: Luso Lichokera kwa Yehova

Werengani Eksodo 35:25-35 ndi 38:23. Kodi Bezaleli ndi Aholiabu analitenga kuti luso lawo?

Tikamva za munthu wodzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu, maganizo athu amathamangira kwa mneneri kapena mlaliki. Koma pano Mzimu anadzaza mmisiri. Aholiabu, wa fuko la Dani, atchulidwa monga wopeta nsalu ndi ulusi wamitundumitundu, ndipo akazi aluso ndiwo anapota ulusiwo ndi manja awo. Pa nsalu za chihema panali zithunzi za akerubi, mwa lamulo la Mulungu mwini (Eksodo 26:1, 31). Chotero lamulo lachiŵiri sililetsa chithunzi chilichonse, liletsa kuchigwadira.

Malondanso sali tchimo. Mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31:24 amasoka zovala nazigulitsa. Lidiya wa ku Tiyatira ankagulitsa nsalu za mtengo wapatali, ndipo Paulo anasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Tinene pano, pakuti zimachitika pakati pathu: kuumiriza mlongo kuti atipetere nsalu kwaulere, chifukwa chakuti "ndi za Mulungu," ndiko kumdyera masuku pamutu. Dorika anapereka malaya ake mwaufulu, palibe anamlanda.

LOLEMBA: Msika wa Demetriyo

Werengani Machitidwe 19:23-28. Nchiyani kwenikweni chinamuwawa Demetriyo?

Demetriyo anali wosula siliva ku Efeso, wopanga tiakachisi ta Artemi togulitsa. Polankhula kwa amisiri anzake, anayamba ndi chuma chawo, ndipo ulemu wa mulungu wawo wamkazi unadza pambuyo. Dongosolo limenelo liulula mtima wake. Chipembedzo chinali kwa iye munda wolimamo ndalama.

Tisafulumire kunena kuti ife ndife osiyana naye popeza Mulungu wathu ndi woona. Ogulitsa nkhunda amene Yesu anawatulutsa m'kachisi ankagulitsa zinthu zofunika pa kulambira Mulungu woona (Yohane 2:13-16). Katundu wawo analibe mlandu. Mlandu unali pa mtima umene unasandutsa bwalo la pemphero kukhala msika.

Tiyerekeze mlongo amene wagula makina pa ngongole. Posachedwa aona kuti thaulo lopanda kanthu limakhalitsa pa shelefu, koma lokhala ndi vesi limapita msanga, ngakhale akweze mtengo. Palibe choipa m'kuzindikira zimenezi. Ngozi iyamba tsiku limene asankha vesi osaliŵerenganso, poyang'ana kokha kuti ndi liti limene limayenda malonda. Mavesi a madalitso ndi a chuma adzachuluka m'sitolo mwake; oitanira anthu ku kulapa sadzapezekamo. Lamulo lachitatu timaliyesa loletsa kutukwana ndi kulumbira monama basi. Koma dzina loyera lingathenso kutchulidwa pachabe ndi ulusi, pamene tiliika pa nsalu monga nyambo pa mbedza.

Kodi mungadziŵe bwanji kuti vesi lasanduka nyambo m'malonda anu?

LACHIWIRI: Chikumbutso, Osati Chithumwa

Werengani Numeri 15:37-40 ndi Mateyu 23:5.

Mulungu analamula Aisrayeli kusoka mphonje m'mphepete mwa zovala zawo kuti poziona akumbukire malamulo ake ndi kuwachita. Mphamvu sinali mu ulusi. Podzafika masiku a Yesu, Afarisi anali atazikulitsa mphonjezo kuti anthu awatame.

Kwathu kuno kuli msampha winanso. Munthu amene anataya chithumwa cha asing'anga angathe kugula kansalu ka Salmo 91, nakaika pansi pa pilo wa mwana wodwala ndi chikhulupiriro chomwe chija chakale. Njoka yamkuwa inapangidwa ndi Mose pomvera Mulungu, koma Hezekiya anaiphwanya pamene anthu anayamba kuifukizira zonunkhira (2 Mafumu 18:4). Wogula akatifunsa ngati nsaluyo imateteza ku mfiti, tiyenera kumuuza zoona, ngakhale abweze ndalama yake m'thumba.

LACHITATU: Kuseri kwa Nsalu

Werengani Eksodo 20:15 ndi Miyambo 11:1.

Makina sadziŵa kujambula okha. Kaŵirikaŵiri chithunzi chimakonzedwa ndi munthu pa kompyuta, amene amalamula pamene singano iloŵe, kumene ipite, ndi pamene ulusi usinthidwe. Kachithunzi kakang'ono kangakhale ndi malo zikwi zingapo oboola singano. Ntchito imeneyi imagulitsidwa monga fayilo, ya mtundu wa PES pa makina a Brother, JEF pa a Janome, kapena DST pa a Tajima. Wogula sakhala mwini chithunzicho. Amangogula chilolezo chochigwiritsa ntchito. Zilolezo zina zimalola kupeta za pakhomo zokha, zina zimalola kugulitsa nsalu zopetedwazo, koma kaŵirikaŵiri zimaletsa kugaŵira ena fayiloyo.

Apa ndipo ambiri a ife timapunthwa. Mnzathu atipempha kuti timkopere chithunzi pa fulashi, ndipo kukana kumaoneka ngati umbombo, makamaka chithunzicho chikakhala cha vesi. Mau a Mulungu ndi aulere ndithu. Koma masiku amene mmisiri uja anatha pokonza chithunzicho si aulere. Nchomvetsa chisoni kupeta Malamulo Khumi ndi fayilo yakuba.

Chimodzimodzinso ndi zimene wogula saziona. Nsalu yopetedwa imafuna ina yolimbitsa kunsi kwake, apo ayi imakwinyika ikachapidwa. Ulusi wotchipa umasuluka. Amene anagula chikwamacho sadzakumbukira mtengo umene tinamchotsera. Adzaona vesi lofwifwa, nakumbukira kuti analigula kwa munthu wa mpingo.

LACHINAYI: Makina ndi Sabata

Werengani Eksodo 31:1-17 ndi Amosi 8:4-6. Nchifukwa ninji lamulo la Sabata libwerezedwa pomwepo Bezaleli atangoitanidwa?

Ntchito ya chihema inali yopatulika koposa ina iliyonse ya manja, komabe inaima pa tsiku lachisanu ndi chiŵiri. Ngati nsalu yotchinga malo opatulikitsa inadikira kuti Sabata lithe, yunifolomu ya kwaya ingadikirenso.

Yesero limadza Lachisanu madzulo. Maukwati ambiri amachitika Loŵeruka, ndipo eni ukwati amafika mochedwa, ndalama zili m'manja. Makina a singano zambiri amasintha okha mtundu wa ulusi, kotero munthu anganene kuti, "Ine ndikupumula, akugwira ntchito ndi makina." Koma lamulo lachinayi linapumitsa wantchito ndi ng'ombe yomwe, kuti phindu la mwini lisayende pa tsikulo. Ndipo Amosi anadzudzula amalonda amene anatseka misika yawo pa Sabata, mitima ili pa kuŵerenga maola kuti atsegulenso.

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. Munthu wina waitanitsa malaya 50 opetedwa vesi, koma mwamva kuti akufuna kukawagulitsa kwa odwala monga "nsalu zodzozedwa." Ngongole ya makina anu iyenera kulipidwa kutha kwa mwezi uno. Mudzamuyankha chiyani?

2. M'kalasi mwanu mungakhale wina amene ali kale ndi mafayilo ambiri okopera kwa anzake, ndipo ndiwo amadyetsa banja lake. Poŵerenga Luka 19:8, kodi kalasi lingamthandize bwanji kukonza zimenezi popanda kumchititsa manyazi?