Phuma Lochokera ku Matenda a Chiwindi

Si phuma lililonse lomwe gwero lake ndi m'chifuwa. Chiwindi chikawonongeka kwa nthawi yaitali, kaya ndi kachasu, hepatitis B kapena likodzo la m'matumbo, timitsempha ta m'mapapo timatha kufutukuka. Zikatero magazi amangodutsa osatenga okosijeni wokwanira. Chodabwitsa n'chakuti wodwalayo amabanika akakhala tsonga kapena akaimirira, koma akagona amapezako bwino. Milomo imada ndipo nsonga za zala zimakula.

Pali chithandizo chotchedwa hyperbaric oxygen, pomwe munthu amalowa m'kachipinda kotsekedwa n'kumapuma okosijeni wopanikizidwa kawiri kapena katatu kuposa mpweya wa panja. Chimathandizadi munthu amene wakomoka ndi mpweya woipa wa makala a mbaula, koma sichibwezeretsa timitsempha tofutukukato. Banja lisathamangire kugulitsa munda pofunafuna chithandizochi. Okosijeni wa m'mphuno amachepetsa phuma, koma chomwe chimachiza ndi opaleshoni yoika chiwindi china, yomwe imachitika m'maiko ngati South Africa ndi India pamtengo wokwera zedi.

Wodwala chiwindi akayamba kubanika, apite naye kuchipatala kuti akamuyeze okosijeni pachala, atagona komanso atakhala tsonga. Ana asaphonye katemera wa hepatitis B, yemwe wakhala akuperekedwa kusikelo m'Malawi kuyambira 2002.