KAMERA NGATI CHIPANGIZO CHOPHUNZITSIRA: MALUWA A CHILIMWE NDI NYUMBA ZAKALE ZA KUMIDZI

Mawu oyamba

Tsiku lina m'mwezi wa Seputembala ndinapita kukayendera wophunzira wathu amene ankayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Dedza. Ndinamupeza ali pa phunziro la nyengo. Pa bolodi anali atalemba mayina anayi a nyengo za ku Ulaya, ndipo ana ankabwereza mokweza kuti spring ndi nthawi imene mitengo imachita maluwa. Nditasuzumira pa zenera ndinaona mtengo wa pichesi utavala maluwa kuyambira kunsi mpaka kunsonga, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Kuseri kwake kunali tchalitchi chakale cha njerwa zootcha chimene anthu anali atasiya kupempheramo. Panalibe mwana amene anauzidwa kuti ayang'ane panja. Nditabwereranso pa sukuluyo patapita zaka ziwiri, pichesi uja anali chilili, koma tchalitchi chinali chitagwa, njerwa zake anthu atatuta. Ndinafunsa ngati wina anali ndi chithunzi chake, ndipo sichinapezeke.

Nkhani ino yalembedwa pofuna kuthandiza aphunzitsi anzanga kuti zinthu ziwiri zoterezi zisamatidutse: maluwa amene amabwera kwa milungu yochepa, ndi nyumba zimene zikagwa sizidzukanso. Masiku ano aphunzitsi ambiri ali ndi foni yokhala ndi kamera, ndipo foni imodzi yokha ndi yokwanira pa phunziro lonse.

Chifukwa chake chithunzi chili chofunika

Kujambula mitengo ndi nyumba si chinthu chachilendo m'chigawo chino cha Afirika. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene anayenda ndi David Livingstone m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858 mpaka 1863, ankajambula zithunzi mongokonda chabe. Popeza kamera za nthawi imeneyo zinkafuna nthawi yaitali kuti chithunzi chigwire, iye ankajambula kwambiri zinthu zosayenda monga mitengo, nyumba ndi mabwato. Lero zithunzi zakezo ndi umboni wa mmene malowo ankaonekera.

Chitsanzo china chili pafupi ndi mtima wa Mmalawi aliyense. Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, ndipo anthu ake anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Asilikali a boma la atsamunda anachigumula mu 1915. Ife amene tinabadwa m'mbuyo timadziwa maonekedwe ake chifukwa cha zithunzi zimene zinajambulidwa chisanagwe. Mwana akamva zimenezi amazindikira kuti kujambula nyumba yakale ndi ntchito ya mboni.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa za maluwa

Kwathu kuno nyengo timaziwerenga motere: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Nthawi imene mitengo yambiri imadzuka ndi pamene chisanu chikutha ndipo chilimwe chikulowa, mvula isanagwe. Mango amayamba kuchita maluwa chisanu chisanatheretu. M'madera ozizira monga Dedza ndi Ntcheu mapichesi amatsatira mu Ogasiti ndi Seputembala. Muwale umatulutsa maluwa ofiira uli wopanda masamba. Jakaranda amavala maluwa ake obiriwira mofiirira mu Seputembala ndi Okotobala, ndipo mlambe umachita maluwa oyera, olendewera, amene amatseguka madzulo n'kufota mawa lake; mileme ndiyo imanyamula mungu wake.

M'nyengo yomweyi mapiri amafiira chifukwa cha mitengo ya mombo ndi tsamba. Ana ambiri amayesa kuti amenewa ndi maluwa, chonsecho ndi masamba anthete amene pambuyo pake amasanduka obiriwira. Chithunzi chojambulidwa pafupi chimathetsa mtsutso umenewu mosavuta kuposa mawu ambiri a mphunzitsi.

Pali mfundo ina imene imalumikiza maluwa ndi mbiri. Jakaranda kwawo ndi ku South America, mango anachokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, ndipo pichesi anachokera ku China. Mitengo imeneyi inachita kubwera ndi anthu. Choncho mukaona mzere wa jakaranda pakati pa tchire, funsani akuluakulu. Kawirikawiri mudzamva kuti panali mishoni, sitolo kapena nyumba ya mwini esiteti. Mukaona mango akuluakulu ataunjikana pamalo popanda nyumba, mwina mwaima pa bwinja. Mtengo umatsala pamene nyumba yapita.

Zimene ayenera kudziwa za nyumba

Sukulu zina zili ndi mwayi wokhala pafupi ndi malo odziwika. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894, kumene kuli nyumba yamiyala imene Dr Robert Laws ankakhalamo. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Nkhoma mu 1896, ndipo ya Mua inakhazikitsidwa ndi Ansembe Oyera mu 1902. Pa chilumba cha Likoma ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha St Peter inayamba mu 1903.

Komabe mphunzitsi asaganize kuti mbiri ili m'mamishoni mokha. Nyumba yozungulira ya mitengo yophomedwa ndi dothi, nyumba ya mdindo, nkhokwe yoluka ndi nsungwi, khola la nkhunda, chigafa cha fodya, sitolo yakale ya pa msika ndi kalasi yoyamba ya sukulu yanu yomwe, zonsezi ndi zoyenera kujambulidwa. Zoterezi ndizo zikutha msanga, chifukwa chiswe, mvula ndi malata atsopano sizidikira munthu. Namondwe wa Freddy, amene anagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anatikumbutsa kuti mudzi wonse ukhoza kusintha nkhope usiku umodzi.

Kukonzekera

Safunsa anadya phula. Mlungu umodzi phunziro lisanachitike, mphunzitsi akaonane ndi mphunzitsi wamkulu, a mfumu, ndi eni ake a nyumbayo kapena akulu a mpingo. Afotokoze cholinga chake ndipo apemphe kuti munthu wachikulire wodziwa mbiri ya malowo adzakhalepo. Kumanda ndi malo ena olemekezeka asapiteko ndi kamera. Munthu aliyense asajambulidwe asanavomere, ndipo zithunzi zoonetsa nkhope za ana zisatumizidwe pa intaneti popanda chilolezo cha makolo.

Mphunzitsi akayendere malowo yekha poyamba, kuona ngati makoma ali ndi ming'alu, ngati m'denga muli njuchi kapena mavu, ndiponso mbali imene dzuwa limawalira m'mawa. Zipangizo zofunika ndi izi: foni yodzaza bwino moto, kansalu kofewa kopukutira diso la kamera, ndodo yotalika mita imodzi, makope ndi mapensulo.

Malangizo asanu a kajambulidwe

1. Sankhani nthawi. Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena kwa madzulo litapendeka. Chakumapeto kwa Okotobala dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, kotero kuti khonde limada bii pamene denga likuthobwa m'maso. Dzuwa la m'mbali ndilo limaonetsa mizere ya njerwa ndi zala za amene anaphoma khoma.

2. Samalani thambo. M'chilimwe utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimayeretsa thambo. Maluwa akajambulidwa moyang'ana kumwamba amatuluka akuda. Ndi bwino kuima pamalo poti kumbuyo kwa maluwa kukhale khoma, denga la udzu kapena phiri.

3. Musapendeketse kamera. Mukaima pafupi ndi nyumba yaitali n'kulozetsa kamera m'mwamba, makoma amaoneka ngati akugwera chagada. Bwererani m'mbuyo mpaka nyumba yonse italowa kamera ili chilili.

4. Uzani kamera chimene mukufuna. Khoma lopakidwa njereza limapusitsa kamera kuti kunja kwawala kwambiri, ndipo iyo imadetsa chithunzi chonse. Gwirani ndi chala pa galasi la foni pamene pali duwa kapena chitseko chimene mukufuna kuti chioneke bwino. Ngati chinthu chili patali, sendererani ndi miyendo m'malo mochikokera ndi zala, chifukwa kukokera kumachititsa chithunzi kukhala chosaoneka bwino.

5. Dikirani mphepo. Nthambi ya maluwa siima malo amodzi. Mwana agwire foni ndi manja awiri, zigongono atazitsamiritsa pa nthiti, ndipo adikire kuti mphepo idule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kayendetsedwe ka phunziro

Phunziroli ndi loyenera ana a Sitandade 6 mpaka 8, ndipo limafuna masiku atatu. Tsiku loyamba ana atchule mitengo imene ili ndi maluwa m'mudzi mwawo ndi nyumba imene akuganiza kuti ndi yakale kuposa zonse. Mphunzitsi awaonetse malangizo asanu aja pogwiritsa ntchito khoma la kalasi.

Tsiku lachiwiri ndilo la ulendo. Agaweni ana m'magulu ndipo gulu lililonse liloledwe zithunzi zisanu zokha: nyumba yonse kuchokera kutsogolo, nyumba kuchokera pa ngodya, gawo limodzi monga zenera kapena nsanamira ndodo ya mita itaimikidwa pambali, duwa limodzi pafupi, ndi mtengo pamodzi ndi nyumba. Kale filimu inkatenga zithunzi 12, 24 kapena 36, ndipo wojambula ankaganiza asanadine. Malire a zithunzi zisanu amabwezeretsa kuganiza kumeneko. Asanajambule, ana ayambe apanga kabokosi ndi zala zawo, asuzumiremo, ndi kugwirizana poima. Pamene gulu limodzi lili ndi foni, magulu ena ajambule nyumbayo ndi pensulo, ayeze utali wa makoma, kapena afunse wachikulire uja kuti anamanga ndani, liti, ndipo dothi ndi mitengo anazitenga kuti.

Tsiku lachitatu gulu lililonse lisankhe chithunzi chimodzi ndi kulemba mawu ochifotokoza: tsiku, dzina la mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, dzina la mtengo, ntchito ya nyumbayo, ndi mbali imene wojambula anayang'ana. Chimene wachikulire wanena chilembedwe kuti ndi mawu ake. Ngati achikulire awiri asiyana pa chaka, ana alembe zonse ziwiri. Pamenepo ndi pamene amayamba kuphunzira kuti mbiri imafuna umboni.

Kuyesa ndi kusunga

Poyesa ntchitoyi mphunzitsi asayang'ane kukongola kokha. Afunse ngati mlendo angazindikire nyumbayo ndi mtengowo, ngati mawu ofotokoza ali okwanira, ndiponso ngati mwana angathe kunena chifukwa chimene anaimira pamene anaima.

Foni imatayika, imabedwa ndipo imawonongeka. Chifukwa cha ichi zithunzi zosankhidwa zitsukitsidwe pa pepala, zimatidwe m'kope lalikulu losungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo chimodzi chiperekedwe kwa eni ake a nyumba ngati chithokozo. Chaka chotsatira kalasi ina idzaime pamalo omwewo, m'mwezi womwewo, ndi kuyerekeza: kodi maluwa afulumira kapena achedwa? Kodi mng'alu uja wakula?

Mawu otsiriza

Aphunzitsi anzanga, maluwa a pichesi sakhalitsa, ndipo khoma la dothi limene laima chilimwe chino mwina silidzaona dzinja lachiwiri. Musadikire kamera yabwino kapena ulendo wa ku Livingstonia. Mawa m'mawa, belu lisanalire, zungulirani sukulu yanu, muone mtengo umene wachita maluwa ndi nyumba imene yakalamba kuposa zinzake, ndipo mulembe tsiku limene mudzapiteko ndi ana.