Nyanja ya Chilwa Ikaphwa, Mbewu ya Nsomba Imabisala Kuti?

Anthu achikulire a ku Kachulu, ku Chisi ndi kwa Mposa amakumbukira zaka zimene Nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu n'kumayenda pansi pamalo pomwe pankadutsa mabwato. Zinachitika mu 1968, zinabwerezanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu la nyanjayi linasanduka matope ong'aluka. Koma nthawi zonsezi madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinabwereranso. Phunziro ili likufotokoza kumene nsombazi zimapulumukira, ndiponso chifukwa chake malo amenewo ayenera kutetezedwa ndi anthu okhala m'mawodi ozungulira nyanjayi.

Chifukwa chake nyanjayi imaphwa

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira madzi kuchokera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, koma madziwo amachoka makamaka pouma ndi dzuwa ndi mphepo. Nyanjayi ndi yosazama, moti mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, madzi otuluka amachuluka kuposa olowa, ndipo gombe limayamba kuthawira kutali.

Zimene zamoyo zimakumana nazo

Madzi akamauma, mchere womwe uli m'madzimo suuma nawo. Umatsalira ndi kuchulukana m'madzi ochepa otsalawo, monga momwe ndiwo zimawawira mchere msuzi ukaphwera pamoto. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimafooka zikakhala m'madzi otere, ndipo zambiri zimaleka kuswana.

Vuto lachiwiri ndi kutentha. Madzi osazama amatentha msanga, ndipo madzi otentha amasunga mpweya wochepa wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Vuto lachitatu ndi matope. Mphepo ikawomba pamadzi ofika m'mawondo, imavundula matope a pansi, ndipo matopewo amatseka ziwalo zopumira za nsomba. Zitatuzi zikakumana, nsomba zimafa zambirimbiri madzi asanatheretu.

Mmene zina zimapulumukira

Chamoyo chilichonse cha m'nyanjayi chili ndi njira yake. Mlamba uli ndi chiwalo chapadera chouthandiza kupuma mpweya wa kunja kwa madzi, n'chifukwa chake umapirira m'zithaphwi zamatope momwe nsomba zina zafa kale. Matemba ndi makumba amathawira kumathiriro a mitsinje, m'madambo a njedza ndi m'maiwe akuya omwe amatsalira m'mitsinje. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tomwe ndi chakudya cha ana a nsomba, timasiya mazira m'matope. Mazirawo amapirira chilala ndi kuswa madzi akangobwerera.

Mvula ikagwa bwino, mitsinje imasefukira ndi kulumikiza maiwe aja ndi nyanja. Nsomba zochepa zopulumukazo zimaswana m'madzi atsopano odzaza ndi chakudya. Matemba amakula ndi kuyamba kuswana msanga, choncho amafulumira kuchuluka. Makumba amasunga mazira ndi ana awo m'kamwa, ndipo amaswa ana ochepa poyerekeza ndi matemba, motero amatenga nthawi yotalikirapo kuti abwerere mwakale.

Apa mpomwe pagona phunziro lonse. Nsomba zotsalira m'maiwe m'nyengo ya chilala ndiyo mbewu ya nyanja yonse. Mlimi wanzeru sakazinga chimanga chambewu ngakhale njala itafika pachimake, chifukwa amadziwa kuti dzinja likubwera.

Pomwe pali ngozi

Nyanja ikaphwa, mabanja ambiri odalira usodzi amasowa pogwira, ndipo maso onse amatembenukira kumaiwe komwe nsomba zaunjikana. Ena amathiramo katupe, amene amapha nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe nthawi imodzi. Ena amakokamo ndi maneti otetezera udzudzu, omwe sasiya ngakhale kamwana ka nsomba. Phindu lake ndi la masiku ochepa, koma chiwonongeko chake chimaoneka kwa zaka.

Maiwewo akuwonongekanso m'njira ina yosaoneka msanga. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje ndi kudula mitengo m'mapiri a Zomba ndi Chikala kumachititsa kuti dothi likokoloke ndi kukwirira maiwe. Mvula yamphamvu, monga ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, imatsitsa mchenga wochuluka m'masiku ochepa. Dziwe lomwe kale linkasunga madzi chilimwe chonse likadzaza mchenga, nsomba zimasowa kothawira chilala chikadzabweranso.

Mbalame za m'madzi nazonso zimavutika. Nyanja ya Chilwa ndi malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa mgwirizano wa mayiko wa Ramsar woteteza madambo, ndipo kuchuluka kwa mbalame zake n'kumodzi mwa zifukwa zake. Nsomba zikasowa, alenje a mbalame amachuluka, pomwe mbalamezo zili kale pamavuto a kusowa kwa malo oswanirana.

Zoyenera kuchita m'mawodi

Kuphwa kwa nyanja mu 1995 kunaphunzitsa asodzi, mafumu ndi Dipatimenti ya Usodzi kugwirira ntchito limodzi poyang'anira maiwe, ndipo makomiti a m'madoko analimbikitsidwa kuyambira nthawi imeneyo. Ntchitoyo siyenera kudikira chilala china. Mudzi uliwonse wokhala m'mbali mwa mtsinje ungathe kuzindikira maiwe ake akuya ndi kuwaikira malamulo kudzera mwa mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Alimi asiye mpata pakati pa munda ndi mtsinje, ndipo abzalemo mitengo, nsungwi kapena udzu wa vetiva. Asodzi alemekeze nyengo yotseka usodzi wa makoka m'miyezi ya dzinja, pamene nsomba zikuswana. Wothira katupe akanenedwe kwa mfumu kapena kwa mlangizi wa zausodzi.

Palibe amene angaletse mvula kuvuta, ndipo mbiri ikuonetsa kuti Chilwa idzaphwanso. Chomwe chili m'manja mwa anthu a m'mawodi ndi kuonetsetsa kuti madzi akadzabwerera, adzapeze mbewu ya nsomba ikadali ndi moyo m'maiwe a Likangala, Domasi ndi mitsinje ina yothira m'nyanjayi.