Kamera yosalowa madzi: ntchito yake ndi kasamalidwe kake

Amene mumagwira ntchito kunyanja ndi m'madamu a nsomba mukudziwa kuti foni siichedwa kufa m'bwato. Funde limodzi, kapena mvula ikakupezani pakati pa nyanja, basi foni yapita ndi zithunzi zomwe. Mafoni ena amalembedwa kuti IP68, koma ambiri mwa iwo amangopirira madzi akuya mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30. Si osambira nawo.

Pali makamera amene anapangidwira dala malo ovutawa. Kapepala kano tikulembera alangizi a za usodzi, makomiti a m'madoko, alimi a nsomba ndi achinyamata otsogolera alendo ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay.

Mitundu imene ilipo

Olympus Tough TG-6, imene inatuluka mu 2019, imalowa m'madzi mpaka mamita 15, imapirira ikagwa kuchokera pa mamita 2.1, ndipo siiphwanyika ngakhale itapanidwa ndi katundu wa makilogalamu 100. Nikon Coolpix W300 imafika mamita 30. GoPro ndi kakang'ono, kamafika mamita 10 popanda chikwama chapadera, ndipo ndi kabwino pa mavidiyo, koma batire lake silikhalitsa ndiponso sikajambula bwino tinthu tating'ono tapafupi.

Kwa mlangizi, ife timakonda mtundu wa TG-6. Imatha kujambula chinthu chimene chili pa sentimita imodzi kuchokera pa galasi lake. Nsomba ikakhala ndi zilonda, monga za matenda amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, mumajambula chilondacho moonekera bwino n'kutumiza kwa akatswiri tsiku lomwelo, m'malo mofotokoza pakamwa. Ilinso ndi GPS, choncho komiti ikapeza ukonde woletsedwa, chithunzi chimasunga malo ndi nthawi.

Chimene chimapha kamera

Makamera ambiri amene afa sanafe chifukwa chozama. Anafera pa kachitseko. Pamene pamalowa batire ndi memori khadi pali kachitseko kokhala ndi kalabala kozungulira m'mbali mwake. Kalabala kameneka ndiko kamatchinga madzi. Kamchenga kamodzi kokha, kapena tsitsi limodzi likagonera pamenepo, madzi amapeza njira, ndipo mumadzazindikira sikirini itayamba kuthwanimathwanima.

Choncho tsegulani kachitsekoko muli m'nyumba, manja ali ouma, osati pamchenga kapena m'bwato. Kayang'anitsitseni kalabalako pamalo owala, kapukuteni ndi kansalu kosathothoka ulusi, tsekani mpaka mutamva kuti kagwira, kenako mukhome loko. Mukaona kuti kang'aluka kapena kauma, kamera isalowenso m'madzi. Opanga TG-6 amalangiza kusintha malabalawa chaka chilichonse, komanso kusaisiya pansi pa madzi kupitirira ola limodzi.

Musadumphire m'madzi kuchokera pamwala kamera ili m'manja. Mphamvu ya madzi pa nthawi imene mukugweramo ikhoza kukankha kachitseko kuposa mmene imakankhidwira pansi pa nyanja. Lowani pang'onopang'ono.

Dzuwa nalonso ndi mdani. Kamera ikatentha pa thabwa la bwato n'kulowetsedwa m'madzi ozizira, galasi limachita nthunzi mkati, zithunzi n'kutuluka mbuu. Ikulungeni m'chitenje, ikhale pamthunzi.

Ndipo musaiwale: kamera yosalowa madzi siyandama. Nyanja yathu kumpoto imazama pafupifupi mamita 700, koma ngakhale pa mamita 20 okha simungaitole. Gulani kachingwe koyandamitsa ka padzanja, mukayese kaye m'ndowa kuti muone ngati kakuinyamuladi.

Kujambula pansi pa madzi

Yandikirani. Madzi amene ali pakati pa inu ndi nsomba ndiwo amaononga chithunzi, choncho musadalire zumu. Mbuna za m'miyala ya pachilumba cha Thumbi sizithawa munthu wodekha. Khalani phee, zibwera zokha. Mtundu wofiira umayamba kuzimirira mukangotsika mamita ochepa, n'chifukwa chake zithunzi zakuya zimaoneka zobiriwira. Jambulani pafupi ndi pamwamba, dzuwa litakwera ndiponso lili kumsana kwanu. Madzi akavunduka ndi mwera, kapena mitsinje ikathira matope m'dzinja, zimitsani fulashi, chifukwa imangowalitsa zinyalala zoyandama.

Chithunzi chisakuiwalitseni moyo. Funsani eni doko kumene kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo pewani madzi odikha a m'mabango, kumene kumakhala nkhono za likodzo. Padoko anthu amasamba ndi kuchapa. Osaloza kamera kwa amayi kapena ana musanapemphe.

Mukaweruka

Kachitseko kali chitsekere, viikani kamera m'beseni la madzi oyera kwa mphindi 10, mukudina mabatani kuti mchenga utuluke. Sopo ayi, madzi otentha ayi. Ipukuteni, iume pamthunzi, ndipo potsegula kachitseko kaloze pansi kuti dontho lotsala ligwere kunja. Musalumikize chaja polowera pake pakadali chinyezi. Zithunzi zisamutsireni mu kompyuta kapena mufoni tsiku lomwelo.

Mtengo wake ndi wokwera, ndipo okonza ndi osowa. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, yambani mwaona kalabala, musanaone n'komwe kukongola kwa kunja. Kalabu kapena komiti ikhoza kusonkherana n'kugula imodzi, koma musankhe munthu mmodzi woisunga, amene yekhayo azitsegula ndi kutseka kachitseko, ndipo aliyense wobwereka azilembedwa m'kaundula.