Longedzani Poganizira Ulendo Wobwerera

Amene amakwera minibasi ya m'mawa kuchokera ku Ndirande kapena ku Area 25 amadziwa kuti popita m'tauni munthu sasowa kanthu. Foni imakhala ndi moto, m'thumba muli kangachepe, kumwamba kuli mbee. Mavuto amadikira madzulo, mvula itayamba, anthu ataunjikana pa siteji, kondakitala atakweza mtengo, foni itazima, ndipo ndalama imene mumati ndi yobwererera mwagulira tomato. N'chifukwa chake ine ndikamalongedza chikwama ndimaganizira za madzulo, osati za m'mawa.

Yambani usiku, musanagone. M'mawa mutu umakhala pa zambiri: madzi osamba, phala pamoto, mwana amene nsapato yake imodzi sikuoneka. Sankhani malo amodzi m'nyumba, kaya kambale pamwamba pa kabati kaya msomali wa kuseri kwa chitseko, ndipo makiyi, kachikwama ka ndalama ndi chiphaso zizigona pamenepo tsiku lililonse. Foni ikeni pa tchaja nthawi imene magetsi alipo, musamati ndidzatchaja m'mawa, magetsi sapangana ndi munthu. Ngati kwanu mumatchajitsa pa sola ya pa golosale, pitani dzuwa lisanalowe.

Chotsatira ndi chiphaso cha unzika. Chichitikire kalembera wamkulu wa bungwe la NRB mu 2017, kakhadi aka kanasanduka kiyi wa zitseko zambiri kwa aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba. Kubanki amakafuna, polembetsa simu khadi amakafuna, pofunsira ntchito amakafuna. Choncho kayende nanu, koma musakaike kuseri kwa foni, m'kati mwa kava, monga achitira anthu ambiri masiku ano. Ena amaikamonso khadi la kubanki ndi K2000 yopinda. Wakuba akatsomphola foni yotere watenga zonse kamodzi, ndipo inu muyamba ulendo wa kupolisi kukatenga lipoti, kenako ku ofesi ya kalembera kukapempha chiphaso china, ntchito zanu zitaima. Chitani fotokope chiphasocho, pepalalo musiye kunyumba, ndipo nthawi ndi nthawi muziyang'ana tsiku lothera ntchito lomwe linalembedwa pakhadipo. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto aonjezerepo laisensi. Pasipoti, masatifiketi a sukulu ndi mapepala a malo zikhale m'sutikesi kunyumba, zizituluka pa tsiku lokhalo limene zikufunika.

Tsopano ndalama, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Zigaweni patatu musanatuluke. Gawo loyamba ndi la minibasi kapena kabaza wopitira, ndalama zing'onozing'ono, ma K500 ndi ma K1000, ndipo likhale pafupi kuti musamatulutse kachikwama konse pamaso pa anthu. Chibwerere K5000 mu 2022, ambiri tinazolowera kuyenda ndi pepala limodzi lalikulu. Mukapereka limenelo pa ulendo woyamba wa m'mawa, kondakitala adzakuuzani kuti chenji kulibe, mudikire. Mudzafika potsikira mukumukumbutsabe, ndipo mwina adzakupatsani ndalama imodzi inu ndi munthu wina wosamudziwa n'kunena kuti mukagawane. Mudzayamba tsiku mukuyenda limodzi ndi mlendo kufunafuna wogulitsa mandasi woti akusinthireni.

Gawo lachiwiri ndi la zimene mukukachita, kaya kugula ndiwo, kulipira fizi kapena kuoda katundu. Ili likhale m'thumba la m'kati, la zipi.

Gawo lachitatu ndi lobwererera, ndipo ili musaliwerengere ngati ndalama yanu mpaka madzulo. Onjezerani kangachepe pamwamba pa mtengo wa masiku onse, chifukwa kukada, kukagwa mvula kapena mafuta akasowa, mtengo umasintha osakufunsani. Libiseni kwina, kosiyana ndi magawo awiri aja. Agogo athu ankamanga mfundo pansonga ya chitenje, ndipo nzeru imeneyo sinathe ntchito. Ine ndimapinda yanga m'kathumba kakang'ono ka m'kati mwa thalauza. Ndinaphunzira tsiku lina nditayenda wapansi kuchokera ku Limbe mpaka kwathu, mdima utagwa, chifukwa ndinaona juzi yokongola pa kaunjika n'kudzinamiza kuti ndikatapa ndalama ya pa foni.

Ndalama ya pa foni, kaya ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndi yothandiza kwambiri, ndipo ndalama zambiri ndi bwino kuziyendetsa mwa njira imeneyo kusiyana ndi kutupitsa thumba. Koma imadalira zinthu zitatu zomwe sizili m'manja mwanu mokha: foni ikhale ndi moto, netiweki ikhalepo, ejenti akhale ndi ndalama. Madzulo maejenti ambiri amakhala atatseka tizikwama tawo, ndipo potapa pamakhalanso kodula. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nambala yachinsinsi isungeni m'mutu, musailembe pakapepala ka m'chikwama, ndipo poilowetsa pa foni pamaso pa ejenti phimbani ndi dzanja.

Pa foni pomwepo, siyani mayunitsi pang'ono oimbira. Bandulo ya WhatsApp yokha sikuthandizani mukafuna kuimbira munthu amene data yake yatha. Ngati mukachedwa kubwera, tengani tchaja, ndipo ngati muli ndi pawabanki onetsetsani kuti nayonso yadya moto. Kenako chitani ichi, chomwe ambiri amachinyozera: lembani pakapepala manambala awiri kapena atatu a anthu apafupi, mwamuna kapena mkazi wanu, mchimwene, neba, n'kukaika kosiyana ndi foni. Dzifunseni pano kuti ndi manambala angati amene mumawadziwa pamtima. Foni ikazima kapena ikabedwa mukhoza kubwereka ya munthu wina, koma muimbira ndani? Kapepala komweko ndi kamene kangathandize anthu achifundo kudziwitsa abale mutadwala mwadzidzidzi panjira. Cholembera chikhalenso m'chikwama, kuti kubanki musamayendeyende kupempha.

Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, ma ARV, kapena muli ndi kopopera ka mphumu, tengani okwanira tsikulo ndi ena a tsiku limodzi lapadera. Ulendo wa ku maliro umene mumati mubwerako lero lomwe umatha kukugonekani kumudzi. Mukamapita kuchipatala, kaya ndinu odwala kaya mwatenga mwana, buku la kuchipatala likhale loyamba kulowa m'chikwama, ndipo likulungeni m'pulasitiki kuti lisanyowe. Amayi ndi atsikana asungiretu padi imodzi kapena mapadi awiri m'kathumba kake. Tishu ndi kasopo sizilemera.

Madzi tungirani kunyumba m'botolo lanu, owiritsa kapena othira mankhwala. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kuti madzi ongogula panjira osadziwa kumene atungidwa akhoza kukugonetsani m'chipatala. Pa kutentha kwa mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Salima, botolo likhale lalikulu. Kamba wa paulendo asakhale wovuta: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, nthochi ziwiri. Mzere wa kuofesi ya boma sudziwa kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana.

Yang'anani nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ambulera isachoke m'chikwama, ngakhale kutacha bwino bwanji. Mu Juni ndi Julayi tengani juzi, makamaka ku Dedza, ku Mzuzu, kapena ku Blantyre ndi ku Thyolo kumene chiperoni chimabwera mosalonjera.

Koma pa zonse zonyamula, palibe chimene chimaposa chitenje. Mayi amene ali ndi chitenje chapadera m'chikwama ali ndi chofunda kukazizira, choyala pansi podikira basi, choberekera mwana akatopa, nkhata yosenzera katundu, chomangira phukusi, chophimba kumutu pa fumbi la kabaza, ndiponso chovala cha ulemu akamva uthenga wa maliro ali kuntchito. Ife amuna tilibe chofanana nacho, timangodalira kampango ka m'thumba kopukutira thukuta, ndipo ndikuvomereza kuti tinaluza. Onjezerani thumba lansalu lopinda. Majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, ndi oletsedwa ndi malamulo a dziko lino, ndipo ngakhale mutawapeza amang'ambika anyezi n'kumwazika pamsewu.

Mukafika pakhomo imani kaye. Gwirani matumba n'kutchula: makiyi, foni, chiphaso, ndalama. Bwererani m'kati ndi maso: moto wa pa mbaula wazima, ayironi yazulidwa, mpopi watsekedwa (kukakhala kuti madzi anasiya, mpopi wosiyidwa wotsekula ndi umene umasefukiritsa nyumba akabwera). Kiyi wapadera musamuike pansi pa mwala kapena m'nsapato yakale ya pakhonde, akuba amayambira pomwepo. Siyirani neba amene mumamukhulupirira. Ndipo tsanzikani. Wina adziwe kumene mwalowera ndi nthawi imene akuyembekezereni.

Panjira, chikwama chikhale kutsogolo mukamadutsa mu msika wa Limbe kapena m'depoti ya Lilongwe, ndipo m'minibasi chikhale pamiyendo, zipi itayang'ana kwa inu. Opisa m'matumba amakonda nthawi yokwera, pamene anthu akukankhana pachitseko, choncho kulibwino minibasi imeneyo ipite mudikire ina. Mukakhala cha kuwindo galimoto itaima, foni ibwerere m'thumba kapena tsekani galasi.

Madzulo mukafika, musanavule nsapato, khuthulani chikwama. Tayani malisiti osafunika, tsukani botolo, yanikani ambulera, bwezeretsani mankhwala amene mwamwa. Chenji chimene chatsala musachisiye patebulo pomwe ana angatumidwe nacho kukagula mchere, chipindeni chikhale cha minibasi ya mawa. Makiyi ndi chiphaso zibwerere m'kambale kaja, foni pa tchaja.