Kusunga Moto m'Batire la Njinga Yamoto

Njinga yamoto ikakhala masabata angapo osayenda, batire limatha moto lokha, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala limatha msanga. Likakhalitsa lopanda moto, mapuleti a m'kati mwake amawonongeka, moti ngakhale mulitchaje bwanji silisunganso mphamvu. Chothandiza ndi katchaja kothira moto pang'onopang'ono, kamene m'masitolo amati trickle charger.

1. Yambani mwaliyeza ndi multimeter injini itazizira. Batire la 12V lodzaza limawonetsa pakati pa 12.6V ndi 12.8V. Likatsika pansi pa 12.4V, likufuna moto.

2. Onani kukula kwa batire. Njinga zambiri za 125cc, monga zomwe akabaza amayendetsa, zili ndi batire laling'ono la 5Ah kapena 7Ah. Lotere limafuna tchaja yosapitirira 1A. Tchaja ya galimoto imaliwotcha, madzi n'kuphwa, batire n'kufufuma. Apa m'pamene ambiri amaphera batire chifukwa cha changu.

3. Tchaja zothira moto pang'onopang'ono zilipo za mitundu iwiri. Yachikale imangothirabe moto ngakhale batire litadzaza, choncho muziyang'anira ndipo muichotse likadzaza. Yamakono imadzichepetsera yokha mphamvu ndipo mutha kuisiya miyezi. Ngati thumba likulola, gulani yamakonoyo. Batire la lithium likufuna tchaja yakeyake.

4. Mukaona ufa woyera pamitu ya batire, pukutani ndi soda wosungunula m'madzi ofunda, muumitse. Mukamaliza kutchaja pakanipo Vaseline pang'ono.

5. Lumikizani waya wofiira pa +, wakuda pa −, kenako muyatse tchaja pakhoma. Pochotsa, yambani kuzimitsa pakhoma.

6. Tchajirani pamalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, nyali kapena wosuta fodya. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe umaphulika.

7. Ngati batire lanu n'lotsegula pamwamba, madzi azikhala pakati pa mizere iwiri yolembedwa pambali pa batirelo. Akachepa, onjezerani madzi a batire okhaokha, osati a pamjigo kapena asidi.

Kumudzi kopanda magetsi, kasola kakang'ono kokhala ndi regulator kamagwiranso ntchitoyi.

Batire likamathabe moto chonsecho njinga ikuyenda tsiku ndi tsiku, liyezeni injini ikulira mutawonjezera mafuta pang'ono. Lizikhala pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Likapanda kufika pamenepo, musathamangire kugula batire lina. Pitani kwa makaniko akaone regulator ndi mawaya.