Phunziro la mwezi uno: Kusankha zomera zoyenera nthaka youma ndi pamthunzi pouma

Mwezi wa Okutobala ukafika, makomo ambiri m'mawodi athu amafanana. Bwalo limakhala mbee, fumbi lili koboo, ndipo chobiriwira chokha chimakhala mtengo wa mango. Patsinde pa mtengowo mayi amatipula kabedi ka mpiru poganiza kuti mthunzi uteteza ndiwozo ku dzuwa. M'mawa ndi madzulo amasenza chidebe kuchokera ku mjigo, koma pakatha milungu itatu mpiru uja umaonda, n'kutalika ngati ulusi, kenako n'kufota. Madzi amene mayiyo amathira amamwedwa ndi mizu ya mango, ndipo kuwala kumene mpiru umafuna kumatsekedwa ndi masamba a mtengo womwewo.

Nkhaniyi njofunika masiku ano chifukwa mvula yasiya kudalirika. Tonse tikukumbukira kuti mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agweredwa tsoka la ng'amba. Chaka choterocho, banja limene lili ndi masamba akudya pakhomo silivutika mofanana ndi limene likudalira kumsika. Phunziro lino likufotokoza mfundo imodzi: yambani mwaona malo, kenako sankhani chomera chimene malowo angachisunge. Kukakamiza mbewu pamalo osayenera kumatha madzi, mphamvu ndi ndalama.

Malo ouma ali mitundu iwiri

Mtundu woyamba ndi nthaka youma ya padzuwa. Apa kuwala n'kochuluka, koma madzi sakhalitsa. Dothi la mchenga limawataya msanga pansi, pamene bwalo lopondedwapondedwa limauma gwaa kotero kuti mvula imangodutsa pamwamba osalowa.

Mtundu wachiwiri ndi nthaka youma ya pamthunzi, monga patsinde pa mango kapena malaina, ndi m'mbali mwa nyumba pansi pa denga. Malo amenewa ndiwo ovuta koposa, pa zifukwa zitatu. Masamba a mtengo amagwira mvula yamawawa isanafike pansi. Mizu ing'onoing'ono ya mtengo imayanga pafupi ndi pamwamba ndipo imatsopa chinyontho chilichonse, kufikira ngakhale kupyola pamene nthambi zalekezera. Pomaliza, kuwala kumachepa, ndipo chomera chosowa kuwala sichipanga chakudya chokwanira kuti chimeretse mizu yakuya. Chifukwa chake mbewu yopirira ng'amba padzuwa ikhoza kulephereratu pamthunzi. Chinangwa ndi udzu wa vetiva ndi zitsanzo zabwino: zonse ziwiri zimapirira chilala, koma mukazibzala pansi pa mango sizikula bwino.

Yezani malo anu musanagule mbande

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Patulani tsiku limodzi loona mmene dzuwa limayendera pakhomo panu. Malo amene amawombedwa ndi dzuwa maola 6 kapena kuposerapo ndi a padzuwa. Amene amalandira maola 3 mpaka 5, makamaka dzuwa la m'mawa, ndi a mthunzi wopepuka. Amene salandira ngakhale maola 3 ndi a mthunzi wandiweyani.

Kenako kumbani dzenje lakuya masentimita 30 ndi kulidzaza madzi. Akaphwa msangamsanga, dothilo ndi la mchenga ndipo lifuna manyowa ambiri kuti lizisunga chinyontho. Akagona mpaka m'mawa mwake, ndi makande kapena nthaka yogogomezeka, ndipo zomera zodana ndi lowe, monga cham'mwamba ndi alovera, zikhoza kuola mizu m'dzinja. Pokumbapo onaninso mizu. Khasu likamakodwa mu timizu tambirimbiri ta mtengo, dziwani kuti chilichonse chobzalidwa pamenepo chidzalimbirana madzi ndi mtengowo.

Mmene zomera zimapiririra chilala

Zomera zopirira zimatsata njira zitatu, ndipo kuzidziwa kumathandiza kusankha ngakhale chomera chimene sichidatchulidwe muno. Zina zimazika mizu pansi kwambiri kukafuna chinyontho, monga nandolo, masawu ndi bwemba. Zina zimasunga madzi kapena chakudya m'masamba onenepa, m'thunthu kapena m'mizu, monga alovera, khonje, mlambe ndi chinangwa. Zina zimakula mofulumira m'dzinja, n'kubereka, n'kugona m'chilimwe, monga luni, khobwe ndi chilazi. Chomera cha masamba aakulu, ofewa ndi opyapyala, monga kabichi, tchainizi ndi koko, chimatuluka thukuta lambiri ndipo malo ake ndi kudimba.

Zoyenera nthaka youma ya padzuwa

Cham'mwamba ndiye woyamba kuganiziridwa pakhomo. Amamera kuchokera ku njere kapena ku nthambi yodulidwa yotalika pafupifupi mita imodzi, amakula msanga, ndipo masamba ake ndi ndiwo yopatsa thanzi. Muzimudula nsonga akafika m'chifuwa mwa munthu kuti achite nthambi zambiri zofikirika. Mukamusiya amathawira kumwamba monga dzina lake likunenera.

Nandolo ali ndi muzu waukulu umene umaboola ngakhale nthaka yolimba. Amakhalabe wobiriwira mvula itasiya, amawonjezera chonde, masamba ake oyoyoka amaphimba nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Mzere wa nandolo m'malire a bwalo umatchinganso mphepo. Mitundu monga Mwaiwathualimi ndi Mthawajuni njodziwika kwa alimi ambiri.

Khobwe amapereka chitambe ndi nyemba pa nthaka imene nyemba wamba sizingachite bwino. Nkhungudzu zimayanga pampanda ndipo zimapitiriza kubereka mpaka m'nyengo yachisanu. Chinangwa, monga cha Mbundumali, chimadikira m'nthaka mpaka tsiku limene mwachifuna, ndipo chigwada chake chimapezeka nthawi imene ndiwo zina zasowa, malinga chisinjidwe ndi kuphikidwa mokwanira. Chidede, therere lobala, denje ndi luni zimakonda kutentha. Zibzaleni ndi mvula, ndipo zikachuluka futsani mfutso wodzadya m'chilimwe.

Pa mitengo ya zipatso, masawu ndi bwemba zimapirira kumene malalanje ndi mapeyala amalephera. Pa malo otsetsereka amene madzi amakokolola dothi, bzalani mzere wa vetiva mopingasa. Mizu yake imaloza pansi, motero salimbirana kwambiri chakudya ndi mbewu zoyandikana naye.

Zoyenera pamthunzi pouma

Tinene mosabisa kuti palibe ndiwo zamasamba zimene zingakupatseni zokolola zambiri patsinde penipeni pa mango m'chilimwe. Malowo agaweni patatu.

Kumapeto kwa nthambi, kumene dzuwa la m'mawa limafika, n'kumene kuli mwayi waukulu. Chinanazi chimachita bwino pa mthunzi wopepuka chifukwa masamba ake olimba sataya madzi msanga, ngakhale muyenera kudikira chaka ndi theka kapena ziwiri kuti chibereke. Tsabola wa kambuzi amapirira mthunzi wotere ndipo amakhala zaka zingapo ngati mukumuthirira pang'ono m'miyezi yotentha. Mbatata imayanga n'kuphimba nthaka. Pamthunzi siikhala ndi mizu ikuluikulu, koma kholowa mudzathyola, ndipo mudzasunga mbewu yodzabzala kumunda mvula ikagwa. Ichi n'chofunika kwa amene ali ndi mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, chifukwa mbewu yake imasowa nthawi yobzala. Alovera nayenso amakhala bwino pamenepa.

Pakatikati pa mthunzi gwiritsani ntchito zomera zogona m'chilimwe. Chilazi chimaphuka ndi mvula, chimakwera mtengo kukafuna kuwala, ndipo chikafota muzu wake umadikira m'nthaka osafuna madzi. Chisoso chimamera chokha pamalo otere m'dzinja, ndipo pothyola siyani zina zichite njere.

Patsinde penipeni, pamene pali mdima ndi mizu yambiri, bzalani zongophimba nthaka ndi kukongoletsa. Chomera cha masamba olimba osongoka ngati malupanga chotchedwa Sansevieria, chimene ambiri amachibzala m'zitini pakhonde, chimamera chokha m'tchire pa zulu ndi pansi pa mitengo, ndipo chimapirira mthunzi ndi ludzu lomwe. Ngati simuchifuna, siyani masamba oyoyoka aphimbe pansi, muikepo mpando. Mthunzi wokhalapo anthu masana nawonso ndi phindu.

Amene akufunabe mpiru kapena repu pafupi ndi nyumba abzale m'matumba kapena m'zidebe zakutha zodzaza dothi losakaniza ndi manyowa, n'kuzikhazika pa njerwa pamene dzuwa la m'mawa limawomba. Potero mizu ya mtengo siyifikira madzi awo.

Mtengo umene mwasankha lero ndiwo mthunzi wa mawa

Mitengo imasiyana mthunzi wake. Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba m'dzinja pamene mbewu zikufuna dzuwa, n'kuphukanso m'chilimwe pamene anthu ndi ziweto akufuna mthunzi. Masamba ake amawonjezera chonde, ndipo n'chifukwa chake chimanga ndi mapira zimachita bwino pansi pake. Umakula pang'onopang'ono zaka zoyamba, koma ndi chuma chosiyira ana. Bulugamu ndi malaina zimamwa madzi ambiri ndipo pansi pake mbewu sizikondwa. Malo ake ndi kutali ndi dimba la pakhomo ndi chitsime. Mango amene alipo kale musawadule. Sadzani nthambi zam'munsi mukatha kuthyola zipatso kuti kuwala kuzilowa cham'mbali, ndipo pokumba pewani kudula mizu ikuluikulu.

Chenjeraninso ndi zomera ziwiri zopirira chilala zimene zili ndi vuto. Nkhadze imapanga mpanda wolimba, koma utomoni wake ndi woopsa ukalowa m'maso, choncho isakhale posewerera ana. Lantana, chitsamba cha timaluwa tamitundumitundu, amafalikira msanga, amapha msipu ndipo amadwalitsa ng'ombe zikamudya.

Kabzalidwe ndi kasamalidwe

M'mera mpoyamba. Ngakhale chomera chopirira chotani chimafuna chinyontho mpaka mizu yake itagwira. Bzalani mvula ikakhazikika. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma kumadera ouma amene wabzala kumayambiriro ndiye amapindula, chifukwa mbande ya mu Malichi imakumana ndi chilimwe isanazike mizu.

Dzenje la mtengo likhale masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake. Dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino n'kubwezeredwa pansi. Siyani kabeseni kozungulira mbande kuti madzi azikhazikika. Phimbirani ndi udzu kapena masamba ouma kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 10, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde poopa chiswe. Apa tiyenera kuganiziranso chizolowezi chathu chosesa bwalo lonse n'kutentha zinyalala. Sesani poyenda ndi pokhala, koma masambawo akathireni pa mbewu.

Pothirira, ndi bwino kuthira madzi ambiri kamodzi kapena kawiri pa mlungu kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Madzi owaza amanyowetsa pamwamba pokha ndipo mizu imazolowera kukhala pamwamba pomwepo. Mtsuko wadothi wokwiriridwa mpaka m'khosi pafupi ndi mbewu, n'kuvundikiridwa, umatulutsa madzi pang'onopang'ono ku mizu. Madzi otsukira mbale ndi osambira akhoza kupita ku mitengo ndi maluwa, koma asathiridwe pa masamba odyedwa osaphika.

Denga la malata nalo ndi chitsime. Mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa denga lotalika mamita 8 ndi mamita 5 m'lifupi, madzi otsika amakwana malita 400, amene ndi zidebe 20 za malita 20. Kumbani kangalande kotsogolera madziwo ku maenje a mitengo m'malo moti azikumba maziko a nyumba. Pomaliza, tchingirani mbande iliyonse ndi minga kapena njerwa. M'chilimwe mbuzi zikamasulidwa, ntchito ya miyezi isanu ikhoza kutha m'mawa umodzi.

Zokambirana m'magulu

Pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi kapena wa kalabu ya alimi, kambiranani mafunso awa. Kodi pakhomo panu ndi pati pamene pali dzuwa tsiku lonse, ndipo ndi pati pamene pali mthunzi wouma? Ndi zomera ziti zimene zidakhalabe zobiriwira m'mudzi mwanu m'chilimwe cha 2024 popanda kuthirira, ndipo ndani angagawireko anzake mbewu yake? Kodi malamulo a m'mudzi okhudza ziweto zoyenda zokha akutetezadi mbande?

Mbewu zambiri zatchulidwa muno sizifuna ndalama. Nthambi ya cham'mwamba, mphukira ya chinanazi, chikhatho cha nandolo ndi kholowa wobzala zimapezeka kwa anansi. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lanu angakuuzeni kumene kuli nazale yapafupi ndi mitundu yoyenera nthaka yanu. Mvula isanagwe, yezani malo anu, kumbani maenje ndi kusonkhanitsa manyowa, kuti tsiku lobzala likadzafika mbande iliyonse idzapite pamalo pake.